Ndaitanidwa kukasaka mbawala kumapiri a Rannoch ku Scotland mu Januwale, kugona m'tenti kutheka?

Mjomba_wa_Perth
Abale, ndithandizeni nzeru. Mnzanga wa kuntchito, mwana wa konkuno, amathandiza pa esiteti ina kumtunda kwa Loch Rannoch nyengo yochepetsa mbawala zazikazi, ma red deer aja. Wandiuza kuti mu Januwale ndipite nawo masiku awiri. Mlenje wa pa esitetiyo wavomera, mfuti akuti akandibwereka konko. Vuto ndi pogona. Mtengo wa hotela ndaufunsa, ndangoti zikomo. Kunyamuka ku Perth m'bandakucha uliwonse ndi ulendo wopitirira ola limodzi, mumdima, msewu wake wokhotakhota. Ndiye ndikuganiza zokakhoma tenti m'chigwa momwemo, poti kuno malamulo amalola kugona kutchire. Ndili ndi tenti yomwe tinagulira ana m'chilimwe, sleeping bag, jekete ya mvula ndi magambutsi. Ndiwonjezere chiyani? Funso lachiwiri: ndikazolowera ndingathe kumapita ndekha kumapiri opanda mwini? Ndimamva kuti kuno phiri ndi la aliyense.

Kadziotche
Magambutsi? Mu Januwale? Ku Rannoch? Mutiuziretu kuti chipepeso tikapereke kwa ndani.

Sapitwa3002
Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene lingakuikeni m'manja mwa apolisi. Phiri lopanda mwini kuno kulibe. Lamulo la 2003, Land Reform Act, limakupatsani ufulu woyenda, wopalasa njinga, wokwera phiri, ngakhale wogona m'tenti masiku awiri kapena atatu pamalo amodzi. Koma lamulo lomwelo linalemba poyera kuti kusaka, kuwombera ndi kuwedza sizili m'gulumo. Kulowa ndi galimoto m'misewu ya esiteti sikulimonso. Mbawala yamoyo si ya munthu aliyense, zoona, koma ufulu woiwombera ndi wa mwini malo, kaya ndi munthu, kaya ndi bungwe, kaya ndi boma kudzera ku Forestry and Land Scotland. Kuipha popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la mbawala la 1996. Ndipo kwa ife amene tikudikira mapepala okhazikika, mlandu wokhudza mfuti si wosewera nawo, ungakutsatireni mpaka pa fomu ya viza.

Za mfuti yobwerekayo zili bwino, lamulo limalola, bola mwini wake ali ndi chiphaso cha apolisi, ali ndi mphamvu yolola ena kusaka pamalopo, ndipo ali nanu pomwepo nthawi yonse. Akapita kukaona kuseri kwa chitunda, mfuti ipite naye. Usiku mfutiyo imagona m'kabati yachitsulo kunyumba kwake, osati m'tenti mwanu. Mukadzafuna yanuyanu ndi nkhani ina yaitali: chiphaso cha Police Scotland, malo oti mwaloledwa kusakako, ndipo ambiri amayamba ndi DSC1, maphunziro oyamba a kasakidwe ka mbawala.

Mjomba_wa_Perth
Zikomo achimwene. Ndiye ufulu umene amatamawu ndi woyenda chabe?

Sapitwa3002
Woyenda ndi wogona. Ndipo si wochepa, pitani ku England mukaone momwe amakubwezerani pa geti.

NamwinoWaUsiku
Ine za mfuti sindilowererapo, ndinena za thupi. Anthu amaopa sinowo, koma choopsa ku Rannoch ndi kunyowa. Tsiku loti kukuzizira madigiri 2 kapena 3, mvula yamawawa ikuwaza cham'mbali, mphepo ikuwomba, limagwetsa munthu msanga kuposa tsiku louma la madigiri 8 pansi pa ziro. Amene munakwerako Mulanje nthawi ya chiperoni mukudziwa chimene ndikunena, kungoti kuno kulibe mlonda wa ku Chisepo kapena ku Lichenya wokusonkherani moto mukafika.

Kusaka mbawala si kuyenda kokha. Mumakwera mpaka thukuta, kenako mumagona chafufumimba m'dambo, osasuntha, kudikira kuti nyama iimirire. Thukuta lija limasanduka madzi ozizira pamsana. Chovala chilichonse cha thonje chisiyeni kunyumba, jinzi, fulusuti, vesiti, masokosi, zonse. Pathupi valani chaubweya wa nkhosa, merino, pamwamba pake juzi yopepuka, kenako jekete ndi thalauzi zosalowa madzi. M'chikwama muike jekete yofunda yoti muzivala mukangoima. Magolovesi awiriawiri, chifukwa oyambawo anyowa mukangoyamba kukwawa.

Mukaona mnzanu wayamba kulankhula zosamveka, akupunthwapunthwa, akulephera kutseka zipi, kapena kunjenjemera kwasiya koma akuzizirabe, musamuseke kuti watopa. Tsikani naye. Ndipo kachasu wa kuno uja musamupatse, amangotulutsa kutentha kunja.

Wakumpoto
Achemwali mwanena zoona koma musamuopseze mnyamatayu. Anthu amagona m'matenti m'nyengo yozizira kuno chaka chilichonse, ine ndemwe ndimagona. Nkhani ndi zida. Tenti ya ana ija iwalani, mphepo ya ku Rannoch idzaipinda ngati pepala. Bwerekani yolimba, yotsika, ya nsalu ziwiri, ndi zikhomo zazitali poti nthaka ya m'dambo ndi yofewa. Chimene anthu ambiri amalakwitsa si sleeping bag, ndi chogonera. Kuzizira kumachokera pansi. Pezani kamatiresi kolembedwa R 4 kapena kuposa (R ndi muyezo wa momwe kamatchingira kuzizira), kapena muphatikize kachithovu pansi ndi kopopa pamwamba. Pa sleeping bag yang'anani nambala ya comfort, osati ija ya extreme, imeneyo imangotanthauza kuti mwina kukucherani muli moyo.

Gasi nayenso: wa butane yekhayekha amakana kuyaka kukayandikira ziro. Gulani wosakaniza ndi propane, ndipo kachitini kake muzigona nako. Osaphikira m'tenti yotseka, utsi wake sumveka fungo koma umapha.

NamwinoWaUsiku
Akulu, inu mumagona m'tenti mutayenda wouma, mutasankha nokha Loweruka labwino. Uyu tsiku amusankhira, ndipo adzafika patenti mdima utagwa, atanyowa mpaka zamkati, magazi m'mikono. Zovalazo aziumitsa ndi chiyani kuti mawa avalenso?

Wakumpoto
Zonyowazo amavala zomwezo m'mawa, zouma amasungira kugona. Mphindi zoyamba zimawawa, kenako thupi limatentha.

Kadziotche
Tinachoka ku Ndirande kuthawa mavuto, ena akukalipira mapaundi kuti avale thalauzi yonyowa m'mawa.

Chiwamba_Aviemore
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndi yanga, ndimathandiza kukoka nyama pa esiteti ina kuno nyengo ngati ino. Nonse mukukangana ngati tentiyo ingapirire, palibe wafunsa ngati mlenjeyo akuifuna. Mjomba, mwamuuza kuti mukufuna kugona m'chigwa?

Mbawala zimakhala ndi moyo chifukwa cha mphuno. Ulendo wonse wa tsikulo umakonzedwa potengera mphepo, mumayenda ikukuwombani kumaso kuti fungo lanu lisafike kumene kuli nyama. Nyengo yozizira zazikazi zimatsika m'munsi, m'zigwa zobisika mphepo, malo omwewo amene munthu wanzeru angasankhe kukhomapo tenti. Inu mukagona pamenepo, mwakazinga anyezi, mwayatsa tochi, mwatsokomola usiku wonse, pofika m'mawa gulu lonse lawoloka kupita ku esiteti ya eni ake. Mlenje uja ali ndi chiwerengero choti akwanitse pasanafike pa 15 Febuluwale pomwe nyengo ya zazikazi imatsekedwa, masiku ambiri amamudyera kale ndi nkhungu ndi chimphepo. Lamulo lingakuloleni kugona, koma malangizo a kayendedwe ka kutchire otsagana ndi lamulolo amati musasokoneze ntchito yosaka. Ndipo inu ndi mlendo wake. Mufunseni. Maesiteti ambiri ali ndi kanyumba kapena kachipinda ka anyamata othandiza pafupi ndi mosungira nyama. Mwina sanakuuzeni poganiza kuti mungakanyoze.

Tsiku lake limayenda chonchi. M'mawa akupatsani mfuti kuti muwombere pa pepala pa mtunda wa mamita 100. Zipolopolo zikabalalika, tsikulo mungokhala wonyamula chikwama, ndipo musakhumudwe, kuvulaza nyama n'kuthawa ndi chinthu chimene mlenje amadana nacho koposa. Kenako mukwera galimoto ya m'dambo ya mateyala asanu ndi atatu ija, Argocat, mpaka pamene ingafike, n'kuyamba wapansi. Iye patsogolo, inu kumbuyo kwake ndendende, osati pambali. Akaima muime, akagwada mugwade. Chakumapeto ndi kukwawa ndi mimba, mutu pansi. Zovala zikhale za mtundu wosawala ndiponso zosachita phokoso, majekete ena amalira chwa chwa chwa. Iye ndi amene asankhe nyama yoti muwombere, nthawi zambiri yokalamba kapena yowonda, ndipo ayang'ana kuti kuseri kwake kuli nthaka yoti chipolopolo chikathere. Nyama yoima pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kuli thambo, siwomberedwa, ngakhale itaima bwino chotani.

Kuwomberako ndi mphindi imodzi. Ntchito ndi yotsatirayo. Yaikazi yotumbula kale imalemera makilogalamu 40, 50, ina kuposa, ndipo mumaikoka ndi chingwe m'zithaphwi ndi m'maenje mpaka pamene pali galimoto. Patsiku labwino sizikhala imodzi. Malo ena amanyamulabe pa akavalo. Yambani pano kukwera zitunda ndi chikwama cholemera, Kinnoull Hill muli nayo pakhomo pomwepo.

Mjomba_wa_Perth
Eee, zoti tenti ingathamangitse nyama sizinandifikire m'mutu. Ndimutumizira uthenga mnzangayo. Nanga nsapato?

Chiwamba_Aviemore
Jombo zachikopa zofika pamwamba pa akakolo, zolimba pansi, ndi ma gaiter kuti madzi ndi matope zisalowe. Mugule pano muziyenda nazo, nsapato yatsopano sipita kuphiri. Magambutsi ndi abwino mosungira nyama basi, pamalo otsetsereka akuthyolani mwendo. Ndodo yoyendera itengeni. Ma binoculars ngati muli nawo, 8x42 akwanira, apo ayi tsiku lonse mudzangomva "zili apo" inu osaona kanthu.

MaiAwiri
Pepani ndisokoneze. Ine chikundiwawa n'chakuti mukukamba zopha zazikazi ngati mukukamba zothyola masamba. Mu Januwale nyamazo sizikhala ndi bere? Kwathu agogo ankati mlenje weniweni sapha nyama ya bere kapena yoyamwitsa. Azungu omwewa amabwera kwathu kudzatiphunzitsa kusamala nyama, munthu akapezeka ndi gwape wa ku Liwonde amangidwa, kuno iwo akupha zazikazi mpaka kuitana alendo.

Sapitwa3002
Mayi, funso lanu ndi lomveka, ndipo bere zimakhala nalodi. Zimakwerana cha mu Okutobala, ana amabadwa cha mu Juni. N'chifukwa chake nyengo imayamba pa 21 Okutobala n'kutsekedwa pakati pa Febuluwale, bere lisanakule. Kusiyana ndi kwathu n'kwakuti kuno kulibe chilombo chodya mbawala. Mimbulu inatha zaka mazana apitawo. Boma la Scotland limanena kuti mbawala zamitundu yonse zafika pafupifupi miliyoni imodzi. Zimadya kamtengo kalikonse kakangomera, n'chifukwa chake mapiri ambiri mukuwaona ali mbee, ndipo nkhalango za paini zakale zimalephera kubereka pokhapokha atazitchinga ndi waya kapena atachepetsa nyama. Pitani ku Glen Feshie mukaone momwe mitengo yabwererera atachepetsa mbawala kwambiri. Kupha zamphongo zokha sikutsitsa chiwerengero, yamphongo imodzi imakwanira zazikazi zambiri. Ku Liwonde vuto linali nyama kutha, kuno vuto ndi kuchuluka.

MaiAwiri
Nanga kamwana ka chaka chomwecho kotsatira mayi wake?

Chiwamba_Aviemore
Sikasiyidwa. Kamwana kamasiye sikapirira dzinja la kuno, gulu limakakankhira kunja, kamafa pang'onopang'ono. Ndiye ngati yaikazi ili ndi mwana, onse awiri amawomberedwa, kawirikawiri kuyambira mwanayo. Sizokoma kuziona, sindinama. Mjomba adziwiretu zimenezi asanapite.

MaiAwiri
Ndamva zifukwa zanu koma mtima wanga sunavomere. Ngati ndi ntchito, aigwire olembedwa ntchitoyo. Zolipiritsa munthu kuti akasangalale nazo ndi zimene ndikukana.

Wakumpoto
Koma nyama ya mbawala ya mu shopu mumagula, mayi.

MaiAwiri
Sindigula, yakwera mtengo.

Nthumbwana_FC
Ine funso langa ndi limodzi. Zam'kati zimapita kuti?

Chiwamba_Aviemore
Khalani pansi kaye. Chifu ndi matumbo timatumbula pomwepo n'kusiya kuphiri, kutali ndi mtsinje ndi njira ya anthu. Akhwangwala ndi ziwombankhanga zimamaliza.

Nthumbwana_FC
Mwati chiyani? Chifu chathunthu kupatsa khwangwala? Ife tikuyenda mtunda wautali kukafuna matumbo a mbuzi kwa abutchala a ku Glasgow! Mjomba, tenti isiyeni, nyamulani ndowa.

Chiwamba_Aviemore
Amatero kuti nyama izizire msanga, isaonongeke, komanso kuti ipepuke pokoka. Koma mtima, chiwindi, impso ndi mapapo zimatsika nayo kuti akaziyeze ngati nyamayo inalibe matenda. Akamaliza kuyeza, pemphani chiwindi ndi mtima, ambiri amapereka mosavuta. Chiwindicho muchicheke muone, china chimakhala ndi tizilombo tophwatalala m'kati chifukwa cha madambo, chimenecho tayani. N'chifukwa cha mbalame zomwezi, komanso ogula nyama, maesiteti ambiri anasiya zipolopolo za mtovu n'kuyamba za kopa.

Chinanso chimene chimadabwitsa anthu akwathu: nyama imene mwaphayo si yanu. Ndi ya esiteti, imapita kwa ogula nyama zakutchire. Mukaifuna mumagula, pa mtengo wa pa kilogalamu, ndipo muneneretu asanailembe. Kulibe zija zoti mwendo wa mwini mfuti, nthiti za wonyamula, mutu wa amfumu.

Gogo_wa_Leith
Mwandikumbutsa uzimba wa kwathu ku Dedza, ana inu. Mudzi wonse, agalu, zibonga, maukonde, tchire litapsa. Woyamba kulasa ankadziwika, ndipo nyama inkagawidwa mwa dongosolo lake, palibe ankabwerera chimanjamanja. Kuno munthu mmodzi ndi mfuti, mwakachetechete ngati akupita kumaliro.

Sapitwa3002
Agogo, uzimba umenewo kuno tonse tingagone m'chitokosi. Kuthamangitsa mbawala ndi agalu n'koletsedwa, uta ndi mivi n'zoletsedwa, misampha ya waya inaletsedwa kotheratu mu 2024. Ngakhale mfuti ili ndi muyezo wake: chipolopolo cholemera mosachepera 80 grains (pafupifupi magalamu 5), liwiro losachepera mafiti 2,450 pa sekondi. N'chifukwa chake mumva za mfuti za saizi ya .243, .270 kapena .308. Galu amaloledwa kutsata nyama yovulala.

Kadziotche
Nanga mbewa? Ndikufunsira mnzanga.

Nthumbwana_FC
Mnzanuyo akakumbe m'dambo la Rannoch aone ngati khasu libwerere.

Bwandilo_Denver
Moni a ku Scotland. Ndikuwerenga ndikudabwa, chifukwa kuno ku Colorado zili mwina. Malo ambiri a m'mapiri ndi a boma, nkhalango za National Forest ndi malo a BLM, nthambi yoyang'anira nthaka ya boma, munthu wamba amasakako popanda kupempha bwana aliyense. Koma chiphaso cha mbawala sichigulidwa ngati buledi, mumalembetsa kumayambiriro kwa Epulo n'kudikira mayere, chiphasocho n'cha dera limodzi ndi masiku owerengeka. Nyengo zomaliza za mfuti zimagwa mu Novembala, sinowo atayamba kutsitsa mbawala za kuno za makutu aatali, ma mule deer, m'munsi. Timavala zowala, olenji kapena pinki, pachifuwa ndi kumutu, ndi lamulo, poti m'phiri limodzi mumakhala alenje ambirimbiri. Tenti timakhomadi, zazikulu za kanivasi zokhala ndi mbaula ya nkhuni m'kati. Ndipo nyama ndi yako, kuisiya kutchire ndi mlandu. Mumaidula miyendo pomwepo n'kusenza pamsana maulendo angapo.

Vuto lathu ndi malire. Malo a boma ena azunguliridwa ndi mafamu a anthu, ukaponda pa famu popanda chilolezo wapalamula, ngakhale palibe chikwangwani. Ndiye inu muli ndi ufulu woyenda opanda wosaka, ife wosaka tili nawo koma woyenda ndi wa pa mapu.

Chiwamba_Aviemore
Mbaula m'tenti ndiye ndasirira. Koma nkhuni mungazipeze kuti ku Rannoch? Mtengo wake ndi uti?

Wakumpoto
Tibwerere kwa Mjomba. Ngati tenti yakanika, pali tinyumba ta m'mapiri tija, ma bothy. N'taulere, sitikhomedwa, bungwe la Mountain Bothies Association limasamala pafupifupi 100. Mumanyamula malasha kapena nkhuni zanu, kandulo, chogonera. Denga ndi makoma amiyala zimasintha zinthu.

Sapitwa3002
Bothy simungasungitse malo, mukapeza mwadzaza mwadzaza. Ena eni malo amapempha kuti asagwiritsidwe ntchito nyengo yosaka. Ndipo mwayi woti pali bothy pafupi ndi pamene mlenje akufuna kukumana nanu 8 koloko m'mawa ndi wochepa. Musaiwale kutalika kwa tsiku. Kumayambiriro kwa Januwale dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko, lisanakwane 4 koloko lalowa. Lamulo limalola kuwombera kuyambira ola limodzi dzuwa lisanatuluke mpaka ola limodzi litalowa, kupitirira apo pamafunika chilolezo chapadera cha NatureScot, bungwe la boma loona zachilengedwe. Ndiye maola a kuwala ndi ochepa, palibe amene adikire munthu woyenda makilomita angapo kuchokera ku bothy. Komanso ganizani za usikuwo: maola oposa 16 a mdima muli nokha m'tenti.

Dalaivala_A9
Ine ndimayendetsa lole mu A9, ndikuuzeni za msewu. Mpaka ku Pitlochry mulibe vuto, amathira mchere usiku wonse. Mukapatuka kulowera ku Tummel Bridge ndi Kinloch Rannoch ndi nkhani ina, msewu ndi wopapatiza, m'mbali mwa nyanja mumakhala ayezi wosaoneka, ndipo umakathera pa siteshoni ya sitima ya Rannoch, kupitirira apo kulibe msewu. Njira yachidule ya ku Aberfeldy yodzera m'mphepete mwa Schiehallion imakwera kwambiri, kukagwa sinowo isiyeni. Matayala a m'chilimwe pa galimoto yaing'ono musawadalire. Thirani mafuta odzadza ku Perth kapena ku Pitlochry. M'buti muike fosholo, bulangete, madzi ndi chakudya. Onani za misewu pa tsamba la Traffic Scotland musananyamuke. Mbawala zomwezo zimatsikira pamsewu usiku, ndiye mungaphe yanu musanafike, ndi bampala.

Poimika galimoto musatseke geti kapena pamalo opatukirana aja. Ndipo ngati akupatsani kagalasi ka whisky pomaliza, monga mwa mwambo wawo, kumbukirani kuti muyezo wa mowa poyendetsa kuno ndi wotsika kuposa wa ku England kuyambira 2014. Kanani mwaulemu kapena mugone konko.

NamwinoWaUsiku
Ndiwonjezere pa zimenezo. Netiweki kumeneko ndi ya apa ndi apo. Pano pomwe tumizani mawu oti register ku 999, muyankhe uthenga umene ubwere, kuti tsiku lina muthe kuitana thandizo pa meseji pamene foni ikukana kulumikiza. Pakagwa ngozi mumaimba 999, mupemphe apolisi, kenako opulumutsa anthu m'mapiri. Foni muisunge m'thumba la m'kati, batire limatha msanga pozizira. Tochi ya pamutu ndi mabatire apadera. Mapu a pepala a Ordnance Survey ndi kampasi, ngakhale muli ndi mlenje, poti naye ndi munthu, angathe kuthyoka mwendo. Zanyengo onani pa MWIS, tsamba la zanyengo ya m'mapiri, osati za pa foni zija zonena za m'tauni. Mukakwera mamita 150 alionse kumazizira ndi digiri ina, kuwonjezera mphepo. Ku Braemar kunafika madigiri 23 pansi pa ziro mu Febuluwale 2021, si nthano. Mitsinje ing'onoing'ono imene mwadumpha m'mawa imatha kusefukira pofika madzulo mvula ikagwa pa sinowo. Akazi anu adziwe dzina la esiteti ndi nthawi imene mukuyembekezeka kutuluka.

Mukamaliza kugwira nyama mudziyang'ane nkhupakupa. Nyengo yozizira zimachepa koma pachikopa cha mbawala zimakhalapo, ndipo zimafalitsa matenda a Lyme.

Kadziotche
Mndandanda wafika potalika kuposa wa chinkhoswe. Hotela ija siinali yotchipa kodi?

Wakumpoto
Zida amagula kamodzi, hotela amalipira ulendo uliwonse.

NamwinoWaUsiku
Ngati adzapitenso.

Mjomba_wa_Perth
Abale, ndayankhidwa. Mlenje wati tenti m'chigwa ayi ndithu, ndi momwe mukukhala gulu limene akulifuna. Wati ngati ndikuumirira ndikhome kuseri kwa nyumba yake, koma pali kachipinda kokhala ndi mabedi awiri ndi hita, ndingobweretsa sleeping bag ndi chakudya changa. Ndavomera kachipindako. A Wakumpoto mundikhululukire, tenti tidzayesa limodzi mu Meyi. Jombo ndikagula Loweruka. Funso lotsala: munthuyu ndimuthokoza bwanji? Sakundilipiritsa kanthu poti ndikupita ngati wothandiza. Ndipo mpeni ndinyamule wanga?

Chiwamba_Aviemore
Alendo olipira amamupatsa ndalama m'manja pomaliza, ndi mwambo wokhazikika, ndipo inunso musachoke osasiya kanthu. Funsani mnzanuyo kuti pamenepo amapereka zingati. Koma chimene adzakumbukire ndi ngati munakoka nawo nyama mosadandaula ndi kutsala kutsuka mosungira nyama ena atapita kukasamba. Mpeni tengani, wa chigwiriro chapulasitiki chotsukika, wokhala m'chimake. Paulendo ukhale pansi pa chikwama m'buti, osati m'thumba la jekete polowa mu shopu ya ku Pitlochry, lamulo la mipeni kuno ndi lolimba. Magolovesi otaya aja atengeninso. Chakudya cha masana chikhale chodya chogona: masangweji, mtedza, fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri.

MaiAwiri
Ine maganizo anga sanasinthe. Koma mukagula nyamayo musaikazinge ngati ya ng'ombe, ilibe mafuta, iuma gwa. Yakale ija iphikeni pamoto wochepa ndi tomato ndi anyezi.

Nthumbwana_FC
Mjomba, mufunseni bwanayo mwaulemu ngati chifu chimodzi chokha chingatsike m'pulasitiki. Ndidzachitsuka ndekha, ndidzabwera pa basi mpaka ku Perth.

Mjomba_wa_Perth
Ndifunsa tsiku lachiwiri, ndikaona kaye nkhope yake. Pakadali pano alipo ali ndi ma gaiter oti andibwereke? Nsapato ndimavala saizi 9.